Achemwali akumudzi aja ndinali ine

Munthu akaimirira m'tchalitchi kuti achitire umboni amayamba ndi dzina, mudzi ndi mfumu yake. Ine dzina sindikupatsani, ndipo mayina a anzanga onse amene muwapeze muno ndawasintha, mifunda yomwe. Zimene ndingakuuzeni ndi izi: ndinabadwa mu 1979 m'boma la Dedza, ndine bambo wa ana atatu, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina mu Blantyre. Mukakumana nane Lamulungu m'mawa nditavala jekete, Baibulo lili kukhwapa, mungandipatse moni n'kupitirira. Koma ndinenso mwamuna amene mtima wake umakhala m'malo akavala zovala zachikazi. Zimenezi ndakhala nazo kuyambira ndili mwana, ndipo zinatsala pang'ono kundilowetsa m'manda.

Ndinali ndi zaka 8. Amayi anali kudimba, ndipo achemwali anga aakulu anali atayanika diresi lawo la sukulu pampanda wa udzu. Ndinalitenga n'kuzemba nalo kuseri kwa nkhokwe. Zimene ndinkaganiza sindikuzikumbuka. Ndimangokumbuka kamphepo kakulowa m'miyendo, ndi mtima kuti phee, ngati mwana amene walira tsiku lonse ndiye wina wamubereka kumbuyo. Amene anandipeza anali amalume. Sanafunse kanthu. Anathyola nthambi ya pichesi n'kundikwapula mpaka nthambiyo inatha masamba.

"Mphwanga, mwamuna salowa m'diresi. Ukadzayambiranso ndidzakuthyola miyendo, wamva?"

Ndinamva. Koma m'mudzi momwemo, gule akatuluka, pabwalo pankafika Mariya atavala diresi ndi duku, akuyenda monyang'wa, amayi akuomba m'manja, amalume omwe aja akuseka mpaka kugwira nthiti. Za kudambwe saulula, ndipo ine sindinalowe gule chifukwa kwathu tinali a mpingo. Koma maso ndinali nawo. Kusekondale ndinalowa gulu la zisudzo, ndipo aphunzitsi atasowa woti asewere ngati mayi wolongolola, ndinakweza mkono msanga moti anzanga anadabwa. Holo yonse inaseka. Pa anthu onse amene anali m'holomo, ndine ndekha amene sindinkachita nthabwala, ndipo sewero litatha ndinachedwa dala kuvula.

Achinyamata a lero sadziwa kuti ife tinakulira m'dziko limene boma linkayeza zovala za anthu. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi oonetsa mawondo, ndipo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankametedwa, ngakhale mlendo wongotsika ndege. Lamulolo linapita limodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, koma tepi yoyezera ija inatsalira m'maso mwa anthu, ndipo ilipo mpaka lero.

Ndinafika mu Blantyre mu 2001 n'kupeza kachipinda ka lendi ku Ndirande, pamdadada wa zipinda zisanu, bafa limodzi, mpopi umodzi. Khoma lake silinkafika kudenga, moti mnzako akayetsemula unkachita kumuuza kuti pepani. Nditalandira malipiro oyamba ndinapita pa kaunjika ku Limbe. Ndinazungulira kanayi ndisanaime. Mayi wogulitsayo atandiyang'ana ndikutembenuza siketi yakuda, pakamwa panga panatuluka bodza limene linadzakhala nane zaka zambiri: "Ndikugulira achemwali akumudzi, thupi lawo ndi ngati langali."

Usiku ndinkatseka chitseko, kutsamiritsapo mpando, kupanikiza nyuzipepala pazenera kuseri kwa katani, n'kuchepetsa nyali. Nsapato za gogoda ndinagula peyala imodzi koma sindinkayenda nazo, chifukwa pasimenti zimayankhula. Ndinkangozivala nditakhala pabedi. Anthu ambiri akamva za munthu ngati ine amathamangira kuganiza za chiwerewere. Ine ndinkavala n'kumasenda mbatata, kumvera wailesi, kusita malaya a mawa. Phokoso limene linkakhala m'mutu mwanga tsiku lonse linkaleka, basi.

Kukacha manyazi ankandigwera ngati khoma. Pakatha miyezi itatu kapena inayi ndinkamanga zonse m'jumbo, kutuluka m'bandakucha n'kukaponya m'chimbudzi chokumba, kenako n'kulumbira pamaso pa Mulungu kuti zathera pompo. Pakangodutsa nyengo pang'ono ndinkapezeka ndili ku Limbe kuja, ndikugulira achemwali. Ndinataya kapena kutentha zovala kasanu ndi kawiri. Ndine munthu wa masamu, ndipo nthawi ina ndinawerengera ndalama zimene zinathera m'chimbudzi ndi pamoto: zikanakwana malata a nyumba.

Mu 2005 ndinakwatira mayi a Chisomo. Ndinkawakonda, ndipo ndimawakondabe. Sindinayambe ndafunapo mwamuna mnzanga, komanso sindinalakelakepo kuleka kukhala mwamuna. Ndinkakhulupirira kuti banja lindichiza monga mankhwala amachizira malungo. Zaka ziwiri zinadutsa bwinobwino. Chaka chachitatu kasutikesi kanakwera kusiling'i, ndipo kankatsika mayi akapita kumaliro kumudzi kapena kumsonkhano wa amayi a mpingo.

Kenako kunabwera nkhani ya Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza. Kumapeto kwa Disembala 2009 anachita chinkhoswe konkuno ku Blantyre, ndipo patangotha masiku awiri anali m'manja mwa apolisi. Mlandu uli m'kati anthu ankadzaza pakhoti kukaonerera Tiwonge, amene ankamutcha Aunt Tiwo, atavala chitenje ndi bulauzi, kumukuwiza ngati aona fisi masana. Pa 20 Meyi 2010 anawagamula zaka 14, ndipo pa 29 mwezi womwewo pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, Ban Ki-moon wa bungwe la United Nations ali m'dziko muno. Kuofesi kwathu nyuzipepala inkayenda pa tebulo lililonse. Anzanga ankaseka, ndipo ine ndinkaseka kuposa onse. Tsiku lina ndinaponyapo nthabwala yanga, yonyansa, imene mpaka lero ndikaikumbuka ndimamva kutentha kumaso.

Nkhani ya Tiwonge si yanga. Iye ankanena poyera kuti ndi mkazi, ine ndine mwamuna wokonda mkazi wake. Ndime 153 ndi 156 za malamulo a milandu zimene anaimbidwa nazo zimakamba za kugonana, sizikamba za zovala. Koma pamsewu palibe amene angakufunse mafunso amenewo. Akakuona ndevu ndi diresi mawu ndi amodzi okha, mathanyula, ndipo mwala woyamba umafika apolisi asanafike.

Chaka cha 2011 denga linayamba kudontha, ndipo mayi a Chisomo anatuma mnyamata kuti akwere kusiling'i akaone. Anatsika ndi sutikesi. Pobwera kuntchito ndinapeza zinthu zanga atazindandalika patebulo: madiresi awiri, siketi, wigi, gogoda. Mayi anali atakhala pampando maso ali psuu, osalira, osakalipa. Anangoti, "Bambo a Chisomo, itanani ankhoswe."

Nkhoswe yanga inali amalume aja, tsopano atakalamba, akuyendera ndodo. Anakwera basi kuchokera ku Dedza. Tinakhala pabalaza Loweruka masana, zovala zili pakati pathu ngati mtembo. Nkhoswe ya kuchikazi inafunsa mwaulemu ndithu: "Tiuzeni bambo, mwini wake wa katunduyu ndani?"

Ndinayang'ana amalume. Ndinayang'ana dzanja lawo lomwe linagwira ndodo, dzanja lomwe lija la nthambi ya pichesi. Ndiye ndinatsika pampando n'kugwada.

"Ndalakwa. Ndi za mkazi wina."

Chimene chinachitika pamenepo sindidzachiiwala. M'nyumba monse munapepuka. Amalume anatsamira kumbuyo n'kupumira m'mwamba. Uwu unali mlandu woti onse akuudziwa, uli ndi njira yake, uli ndi miyambi yake. Anandidzudzula pang'ono, kenako anatembenukira kwa mkazi wanga n'kunena kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, banja ndi kupirira. Ndinapepesa, ndinagula nsalu yopepesera, tinapita limodzi kukayezetsa magazi. Zovala anaziwotcha okha mayi kuseri kwa nyumba atazithira parafini. Usiku anandifunsa dzina la mkaziyo, ndipo ndinapeka: Agnes. Kuchokera tsiku limenelo Agnes analowa m'banja mwathu. Ndikachedwa kuntchito, ndinali kwa Agnes. Ndalama zikaperewera, wadya ndi Agnes. Foni ikalira usiku, mayi ankatembenukira kukhoma. Ndinasankha kukhala wachigololo chifukwa wachigololo amapatsidwa mpando pamaliro.

Mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anayamba kuvula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinadziuza kuti ngati mkazi wobadwa mkazi akumung'ambira thalauzi pamsika, ine nditatuluka ndi diresi angandisiyire chiyani? Kuyambira pamenepo ndinasiya ngakhale kulota zotuluka.

Zaka zotsatirazo ndizidutsa mwachangu chifukwa zinali zofanana zonse. Ndinayamba masacheti, ine amene mowa sindinkaudziwa. Ndinakwera mapiri kukasala kudya. Ndinapita kwa mneneri wina amene anandiuza kuti ndili ndi mzimu wa mkazi wa m'madzi, n'kundigulitsa kabotolo ka mafuta. Ndinkabwerako ndili yemwe uja, kungoti thumba lapepuka. Mu 2016 ndinafika poganiza zodzichotsera moyo, ndipo ndinalemba kale kalata yofotokoza za mabuku a kubanki ndi fizi ya ana. Chimene chinandibweza n'chakuti Chisomo anali pafupi kulemba mayeso kusukulu, ndiye ndinati ndidikire amalize. Pano ndimati anali Mulungu amene anandigwira pamkono kudzera mwa mwana. Chimene chinkandidya sichinali diresi ayi. Chinali chakuti padziko lonse lapansi panalibe munthu ngakhale mmodzi wondidziwa.

Thandizo linabwera kuchokera kumene sindinkayembekezera, pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Mu 2017 ndinalakalaka chilundu, chenicheni, chonga chimene amayi anga ankavala popita ku ukwati, ndipo chilundu sichipezeka pa kaunjika. Ndinagula nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu, ndinadziyeza ndekha m'bafa, ndinalemba manambala pakapepala n'kupita kwa telala wina wachikulire wa kachipewa koyera. Bodza linali lomwe lija.

Atelala anaika magalasi pamphuno n'kuwerenga kapepalako pang'onopang'ono. Mapewa mainchesi 19. Chifuwa 42. Chiuno 36. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achemwali anuwa amasenza matumba a simenti?"

Miyendo inandizizira. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge nsalu yanga ndizipita, koma iwo anali ataimirira kale, tepi ili m'manja.

"Taimani bwino abwana. Poti mwati mukufanana, ndiyezere pa inu pomwepa, nsalu ingaonongeke."

Anandiyeza pakhonde pomwepo, anthu akudutsa, minibasi zikuitanira. Anakonza manambala awiri ndi choko. Akupinda tepi anayankhula motsitsa, maso ali pamakina:

"Makina awa ndinayamba kupalasa Kamuzu ali moyo. Achemwali akumudzi ndawasokera ambiri. Ena amabwera okha kudzayesa ndikamaweruka."

Sindinayankhe. Ndinalipira n'kuthawa. Mlungu wonse ndinkadikira kuti wina andiimbire kufuna ndalama zotsekera pakamwa, koma foni inali zii. Nditapita kukatenga chilundu anali atachikulunga m'nyuzipepala n'kumanga ndi kansalu, ndipo sanatchule kanthu. Ndinawasoketsa kachiwiri, sanatchulenso kanthu. Ulendo wachitatu ndi pamene anati, "Kuli abambo ena ali ndi banki m'khonde, amakumana Loweruka lomaliza la mwezi. Onse ndi makasitomala anga. Ndawafunsa, akuti mukhoza kufika." Iwo eni ake sanali mmodzi wa ife. Anali munthu chabe amene tepi inamuphunzitsa kusunga pakamwa.

Mwezi woyamba ndinafika pageti n'kubwerera. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu geti linatseguka ndisanatembenuke, ndipo panaima bambo wa imvi, wamtali, atavala malaya oyera, mawu ake a munthu wozolowera kuyankhula pa asembule. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, mkazi wawo anamwalira kalekale, ana onse ali kwawokwawo. Mnyamata wa pakhomo ankamupatsa tchuthi tsiku limenelo.

"Takhala tikukuonani pazenera miyezi iwiri. Lowani, nsima ingazizire."

Pakhomo panali kadengu. Foni iliyonse inkalowa mmenemo itazimitsidwa. Anandilozera chipinda chosinthira, ndipo ndinakhalamo nthawi yaitali, chilundu chili pathupi, dzanja lili pachitseko, likukana kutsegula. Palibe munthu wamoyo amene anandionapo chonchi kuchokera tsiku la kunkhokwe lija, kupatula pa sewero. Nditatuluka ndinapeza anthu asanu pabalaza, ndipo mphunzitsi uja tsopano anali mu diresi labuluu ndi mkanda woyera, atakhala mwaulemu ngati mayi wa mfumu.

"Kuno sitifunsana mayina a pachiphaso. Mfunda wanu ndani?"

"Mbewe."

"Ndiye takulandirani aNambewe. Ine ndine Naphiri. Koma mwatchenatu!"

Ndinakhala pansi n'kulira ngati pamaliro a amayi anga. Palibe amene anandiletsa. Wina anangondipatsa kansalu kopukutira, wina n'kunena kuti ndisamale, duku lamasuka.

Banki ija sinali yonamizira. Panali kope, panali msungichuma, sheya imodzi inali K2,000, ndipo mu Disembala tinkagawana monga amachitira magulu onse. ANaphiri ankati munthu amene watopa ndi mabodza asamuwonjezere lina, mkazi wako akafunsa kope umuonetse. Malamulo ena anali ochepa koma olimba: kujambula ayi, mowa ayi, zachisembwere ayi, aliyense amafika ndi kuchoka atavala zachimuna, ndipo mlendo salowa popanda onse kuvomera. Lamulo lomalizali linabwera chifukwa cha aNabanda, dalaivala wa minibasi, amene nthawi ina anakhulupirira munthu wokumana naye pa Facebook, n'kumutumizira chithunzi. Analipira munthuyo miyezi isanu ndi itatu mpaka kugulitsa firiji.

Tisaname, sitinali ofanana, ndipo sitinkagwirizana pa zonse. ANangondo anali mkulu wa mpingo, ndipo ankakhulupirira ndithu kuti zimene tikuchitazi ndi tchimo. Ankabwera mwezi uliwonse, kuvala, kudya, kuseka, pomaliza n'kupemphera kuti Ambuye atikhululukire. Nachisale, wamng'ono pa tonse, wogwira ntchito mu saluni, ankanena kuti iye ndi mkazi ndithu, osati wa Loweruka lokha, ndipo akapsa mtima ankatinena kuti ndife amantha obisala kumbuyo kwa akazi athu. Mawuwo ankandiwawa chifukwa munali choonadi. Panalinso wachipatala wina wa ku Rumphi amene anakana Na- wathuyu, akuti kwawo amati Nya-, ndiye anali Nyagondwe. Ameneyu analibe chidwi ndi zodzoladzola, ankangomanga chitenje pamwamba pa kabudula n'kulowa kukhitchini.

Mungadabwe kuti tinkachita chiyani masana onse. Nachisale ankatiphunzitsa kubisa mthunzi wa ndevu ndi kumanga duku loti lisagwe ukaweramira mphika. ANabanda ankayeserera gogoda pakapeti, akuyenda ngati munthu wowoloka mtsinje pa mtengo umodzi, ife tikuseka mpaka kutsamwa. Kuseka kumeneko kunali kwina, kosiyana ndi kwa m'holo ya kusekondale, chifukwa woseka naye anali mu siketi. Tinkaphika nkhwani wotendera ndi usipa. Tinkakambirana za fizi, za BP, za mtengo wa feteleza. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mwambi umenewu ndinaulemba pamayeso a Chichewa n'kukhoza, koma tanthauzo lake ndinalimvera pabalaza pa aNaphiri.

Kuseri kwa nyumbayo kunali mtengo wa mango, ndipo mpanda wa njerwa unali wautali. Tsiku lina aNaphiri anati, "ANambewe, kathyoleni mango awiri atatu." Ndinaima pakhomo la kukhitchini. Kunja kunali dzuwa la Novembala. Ndinaponda sitepe yoyamba, yachiwiri, ndikuwerenga ngati mwana wophunzira kuyenda, ndipo pa sitepe 14 ndinafika patsinde. Kamphepo kanalowa m'chilundu. Nsalu imene ndinkangoidziwa pa kuwala kwa babu ndinaiona padzuwa, maluwa achikasu aja akuwala ngati enieni. Kuseri kwa mpanda mwana wina ankaitanira zitumbuwa. Ndinali ndi zaka 38, ndipo zinali zitakwana zaka 30 chichokereni kuseri kwa nkhokwe. Masitepe 14 amenewo ndiwo ulendo wautali kwambiri umene ndayendapo panja ndili Nambewe, mpaka lero.

Masacheti ndinasiya chaka chotsatira popanda wondikakamiza. Kalata ija ndinaing'amba.

ANaphiri anali munthu wosanyengerera. Nditawafotokozera za Agnes sanaseke. Anati, "Inu mumabwera kuno kudzapuma, koma kunyumba mwasiya munthu akulimbana ndi mzukwa. Ameneyo adzapuma liti?" Ndinawayankha kuti nthawi sinakwane, ndipo ndinapitiriza kuyankha choncho zaka zitatu.

Mu Januwale 2021 matenda a Covid anabwereranso mwamphamvu, mpaka nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi. Mlungu womwewo aNaphiri anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanatulukemo. Pagulu pathu tinali ndi pangano limene tinkalitchula mwanthabwala: wina akatsogola, otsala achotse sutikesi abale asanafike. Aliyense ankadziwa pamene mnzake amabisa kiyi. Usiku womwewo ine ndi Nyagondwe tinalowa m'nyumba muja ngati akuba, n'kunyamula thiranki lachitsulo kukaika m'galimoto. Diresi labuluu lija linali pamwamba, litasitidwa, likudikira Loweruka lomaliza la mwezi. Pamaliro tinaima patali, titavala majekete ndi zotseka pakamwa. Wowerenga mbiri anatchula sukulu zonse zimene malemu anaphunzitsako, ana amene anawalera, maudindo a kumpingo. Chipepeso chathu anachilengeza kuti chachokera kwa anzawo a banki m'khonde. Dzina la Naphiri silinamveke, ndipo amene tinkalidziwa tinali asanu.

Pobwerera kunyumba ndinaganiza za sutikesi yanga. Anzanga akanadzaichotsa, inde, koma mayi a Chisomo akanatsala ndi Agnes mpaka tsiku lawo lomaliza.

Ndinawauza mu Juni chaka chomwecho, ana atagona, magetsi atazima, kandulo ili pakati pathu. Ndinayambira kunkhokwe mpaka kumtengo wa mango. Sanandidule mawu. Nditamaliza panali chete wautali moti kandulo inafupika ndikuiona.

"Ndiye Agnes kulibe?"

"Kulibe."

"Mumafuna amuna anzanu?"

"Ayi."

"Mukufuna kusanduka mkazi?"

"Ayi, mayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndikavala, m'mutu mumaleka phokoso."

Anaimirira. "Zaka khumi ndakhala ndikudana ndi munthu woti kulibe. Mkazi aliyense wamtali amene wakupatsani moni kutchalitchi ndimamuyang'ana kumapazi, chifukwa ndinkadabwa kuti ndi mkazi wanji wovala nsapato ya nambala 9. Zovalazo sindikuzimvetsa, koma chimene mwandilakwira ndi chimenechi." M'mawa mwake anakwera minibasi kupita kwa achemwali awo ku Mulanje, ndipo anakhalako milungu itatu. Sindinawaimbire kuwachonderera, ndinalibe pakamwa poyambira.

Anabwerako ndi mfundo zitatu: ana asadziwe, m'nyumba mwawo ndisavalemo, ndipo ndisadzawanamizenso ngakhale pa kanthu kakang'ono. Ndinavomera zonse. Sindikunamizani kuti anasangalala, kapena kuti lero amasangalala. Loweruka lomaliza la mwezi ndikamanyamula chikwama sandifunsa, koma sandiyang'ananso kumaso. Zimenezo ndi ufulu wawo. Iwo anakwatiwa ndi bambo a Chisomo, za Nambewe palibe anawafunsa.

Koma usiku wina, patatha pafupifupi chaka, anandipeza m'bafa ndikuchapa chilundu chobiriwira chija mobisa, ndi madzi a mu ketulo. Anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Nsalu imeneyo sachapira madzi otentha, isuluka. Bweretsani kuno."

Anaichapa okha. M'mawa ndikupita kuntchito ndinaiona ili pachingwe, pakati pa zitenje zawo ndi mayunifolomu a ana, ikuuluzika ndi mphepo. Mayi woyandikana nafe anaiyamikira kuti ndi yokongola, ndipo mkazi wanga anangoti zikomo.

Kunja sikunasinthe. Mu Julayi 2023 mipingo inayenda m'misewu kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, anzanga a kumpingo anapita, ine ndinakhala pakhomo. Pa 28 Juni 2024 khoti linagamula kuti ndime 153 ndi 156 zija zikhalebe m'malamulo. Ngakhale sizinena za diresi, tonse pagulu tinamva uthengawo. Nachisale anatopa n'kupita ku Cape Town, kumenenso Tiwonge anathawira. Atelala aja maso anawavuta, anabwerera kwawo ku Mangochi, koma asanapite anatibweretsera anthu ena atatu. Pano tilipo asanu ndi awiri, timakumana kwa Nyagondwe. Mpanda wake ndi waufupi, ndiye panja sitituluka, makatani amakhala otseka. Mkanda woyera wa aNaphiri uli ndi ine.

Ndikuthokoza Mulungu kuti ndili moyo, kuti Chisomo ndinamuona akumaliza sukulu, ndiponso kuti chiyambire 2017 sindinawotchepo kapena kutaya chovala ngakhale chimodzi. ANangondo amati tikadali ochimwa, ine ndimati Iye amene anandiona kuseri kwa nkhokwe ndi yemweyo ananditumizira telala. Tikatsutsana choncho timakasamba m'manja n'kudyera mbale imodzi.

Inu amene mukuwerenga izi chitseko chili chotsamiritsa mpando, zovala zanuzo musaziwotche usiku uno, ndipo chithunzi chanu musatumizire munthu amene simunamuone maso ndi maso. Ngati mwafika pamene ndinafika ine mu 2016, uzani munthu mmodzi lero lomwe, kaya ndi wachipatala, kaya ndi mnzanu, ngakhale musamuuze chifukwa chake, mungomuuza kuti mwatopa ndi moyo. Ndipo inu amalume, mukadzapeza mphwanu kuseri kwa nkhokwe, nthambi ya pichesi ija isiyeni pamtengo. Yambani mwamufunsa.